Mabuleki Akugwira Tsopano

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi bambo a ana? Nanga adzukulu anga akukula bwanji? Kamng'ono kaja kankatsokomola tsiku limene tinalankhula, ndikhulupirira kuti chifuwacho chinatha. Ine kuno ndilipo. Msana ndi mawondo ndiwo akundiwerengera zaka, koma ndikudzuka.

Udabwa kuona kalata masiku ano. Nkhani imene ndili nayo ndi yaitali, ndipo cholembera chimadikira munthu akasowa mawu. Upeze mpata ana atapita kusukulu, ukhale pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani yake ndi ya pikapu ija. Iwe unamva mbali ya amalume ako yokha, ndiye imvanso yanga. Tinkachokera kumanda, kumene tinakazula udzu pamalo pamene agona amayi ako. Potsika chitunda chija cholowera pamphambano ndinaponda buleki, phazi n'kungolowa ngati ndaponda m'matope. Ndinapondanso, ndinakoka handibuleki, galimoto n'kukatsamira mpanda wa maluwa wa eni ake. Palibe anavulala. Chimene chinaphwanyika ndi chipewa cha amalume ako, ndipo anachikhalira okha potuluka. Iwo akuti tinaiona imfa ndi maso. Ine ndinaona maluwa a eni ake atagona pansi, ndipo ndinapepesa.

Mawu ako a tsiku lija ndinawamva bwino, ngakhale ndinayankha mokalipa. Unati mwezi uno ukatha mabuleki asanakonzedwe, amalume ako adzatenga makiyi n'kupeza wogula, ndipo ine ndidzalongedza n'kubwera kudzakhala m'kachipinda kamene mwandikonzera. Unatinso akakonzedwa, udzandisiya pakhomo panga osandivutitsanso. Ndinavomera panganolo. Unati ndipite nayo kugalaja, ine n'kukuyankha kuti galimoto imeneyi chiigulireni sinagonepo kugalaja, ndipo siyambira pa ine wamasiye.

Iwe ukudziwa kuti popanda galimotoyi sindingakhale kuno. Chipatala chili kutali, msika uli kutali, ndipo kwa amayi ako n'kokwera, mawondo angawa sangafikeko. Choncho ntchito imene ndinaiyamba sinali ya mabuleki okha. Ndinkafuna kukuonetsa kuti bambo ako angathe kukhala okha.

Ndinapita kwa mkulu wa masipeya uja wa kuseri kwa msika, amene amatchula aliyense kuti bwana, ngakhale wongobwera kudzabisala mvula. Ndinamuuza kuti ndikufuna nsapato za kumbuyo. Anandiyang'ana kumapazi, n'kunena kuti bwana, nsapato amagulitsa khomo linalo, kuno ndi kwa zitsulo, ndiponso nsapato za kumbuyo zokha sanazimvepo, kapena ndili ndi miyendo inayi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndalankhula chinenero cha amayi ako.

Amakaniko amati mashuzi a buleki, tizitsulo tokhota tija tokhala ndi chikopa cholimba kunja kwake, timene timakanikiza diramu m'kati kuti tayala liime. Amayi ako ankangoti nsapato. Galimotoyo ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo ndikabwera ndi zatsopano ankati taonani, mkazi mnzanga wagulidwanso nsapato, ine zanga zikugona kwa wosoka.

Nditamufotokozera, mkuluyo anaseka mpaka kutsamira pakauntala. Kenako anafunsa kuti nanga amayi aja ali kuti masiku ano, aja ankamuuza kuti masipeya ake ndi okalamba kuposa mwini wake. Za maliro anali asanamve. Ndinamuuza. Anasiya kuseka, anakulunga katunduyo m'nyuzipepala mosamala ngati mazira, n'kuwonjezera malabala a silinda ndi botolo la mafuta a mabuleki. Anati phazi likalowa chotero ndiye kuti penapake pakudontha, ndisavutike kubweranso. Potsanzikana sananene kuti bwana. Anati pitani bwino, bambo.

M'mawa mwake ndinaimika galimoto pamalo athyathyathya pafupi ndi khonde. Ndinatsekera matayala akutsogolo ndi miyala, n'kumasula manati pang'ono matayala akumbuyo akadali pansi. Jeke wathu uja amakwera ngati akuchita kupemphedwa. Nditakweza ndinakatenga zitsa n'kuziika kunsi, chifukwa amayi ako sankalola kuti ndilowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha. Ankati safuna kukhala wamasiye chifukwa cha ulesi wa munthu wokana kunyamula chitsa. Zitsazo ndinaika.

Diramu yakumanzere inakana kutuluka. Ndinaigogoda ndi hamala mozungulira, ndinathira mafuta pamene panali dzimbiri, ndinaikoka mpaka zala kuchita dzanzi, ndinaitukwanako pang'ono. Dzuwa litakwera m'pamene ndinakumbuka kuti handibuleki ndinali ndisanaimasule. Nsapato zinali zitaluma diramu m'kati, ine ndikulimbana nazo kunja. Kumasula handibuleki sinali ntchito yanga. Inali ya wokhala pampando.

Nditaimasula, diramu inatuluka yokha ngati sinakanepo. M'katimo munali mwakuda ndi monyowa. Silinda, kachitsulo kaja kamene kamakankha nsapato mafuta akafika, kanali kakudontha. Chikopa cha nsapato chinali chitatha, ndipo chotsalacho chinali chitamwa mafuta. Amalume ako sananame pa chimodzi ichi: galimotoyo inalibe mabuleki kumbuyo. Fumbi la m'menemo ndi loipa m'chifuwa, choncho sindinauzire ndi pakamwa, ndinatsuka ndi madzi a sopo m'beseni.

Lamulo la ntchito imeneyi n'lakuti sumasula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kumbali inayo umangochotsa diramu, osakhudza kanthu, kuti pakhale poonera ukasokonezeka. Ndinatero. Ndinayala thumba pansi, ndipo kachitsulo kalikonse kamene ndachotsa ndinkakagoneka pathumbapo monga kanakhalira m'kati.

Masipuling'i a mabuleki ndi aang'ono koma ndi amwano. Ndikukoka kamodzi ndi pulayazi, kanapulumuka, kanandipyola pakhutu n'kukagwera kuseri kwa nyumba, kunazale ya amayi ako. Kumeneko ndinali ndisanapondeko chichitikireni maliro. Ndinagwada pakati pa timachubu tawo ta mbande, ndikupapasa kamodzikamodzi. Mbande zambiri zauma, zangotsala timitengo toti ukakhudza timathyoka. Zochepa za kumapeto, kumene kumadontha madzi a padenga, zikadali zobiriwira, sindikudziwa kuti zikudikira chiyani. Kasipuling'i ndinakapeza m'kachubu kamodzi. Tsiku limenelo sindinagwirenso kanthu. Ndinavundikira zonse ndi lona n'kukakhala pakhonde.

Kubwezera n'kumene kunandidya mawondo. Nsapato ziwirizo zimaoneka zofanana koma sizifanana. Yachikopa chachifupi imakhala kutsogolo, yachikopa chachitali kumbuyo, ndipo kachitsulo ka handibuleki kamayenera kuchoka pa yakale kupita pa yatsopano. Kale amayi ako ankakhala pakampando kumbali inayo, maso ali pa tayala losamasulalo, n'kumandiuza kuti kasipuling'i kakakulu kali pamwamba, ndowe yake yaloza kumbuyo. Ine ndinkangomvera, manja akugwira ntchito.

Tsopano ndinkadzuka, kuzungulira galimoto, kugwada, kuyang'ana, kudzukanso, kubwerera. Pofika kumbali yanga ndinkapeza kuti ndaiwala ngati ndowe ija inaloza kutsogolo kapena kumbuyo, ndiye n'kuyambanso ulendo. Udzu wa kumbuyo kwa galimoto wachita kanjira. Ntchito imene kale tinkaimaliza tiyi wa m'mawa asanaiwalike m'kamwa inanditengera masiku.

Komabe ndinamaliza. Malabala atsopano analowa m'silinda, nsapato zinakhala m'malo mwake mbali zonse ziwiri, ndipo ndinazungulitsa kagudumu ka mano kosendezera nsapato mpaka diramu inayamba kuzungulira ikukhudza pang'ono, kumangomveka sii, sii. Ndinaima, ndinapukuta manja, ndipo kwa kanthawi ndinamva ngati ndine munthu amene ndinali kale. Ndinali ndisanaganizire za gawo lotsiriza. Kapena ndinkaliganizira koma ndinkalizemba.

Ukamasula silinda, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo mpweya ukakhalamo buleki imakhala yofewa ngati siponji. Kuutulutsa ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pampando wa dalaivala, wina amagona kunsi ndi kasipanala pa kabawuti kotulutsira, atalumikiza kapaipi kolowa m'botolo. Wakunsi amati ponda, wapampando amaponda kangapo. Amati gwira, wapampando amakanikiza phazi osalichotsa. Wakunsi amatsegula kabawuti, mafuta ndi thovu n'kutuluka, amatseka, ndipo pokhapo amati siya. Wapampando akachotsa phazi kabawuti kakadali kotsegula, mpweya umabwereramo, ndiye kuti mwayambiranso.

Amayi ako sanaphunzirepo kuyendetsa galimoto, koma phazi lawo linkaidziwa buleki kuposa langa. M'nyumba ndinkawatchula kuti inu, monga ukudziwa, koma kunsi kwa galimoto ulemu unkatha, mawu ankayenera kukhala aafupi. Ankakhala pampandopo, zoluka zili pamiyendo, wailesi ikulira, ndipo ndikati gwira ankayankha kuti ndagwira, bambo, fulumirani, mwendowu si wa boma. Nthawi zina ndikati tamaliza ankakana, ankati kadakalimo kampweya, phazi likukamva. Ndikatsegulanso, kathovu kankatulukadi.

Kuitana amalume ako sindinafune, chifukwa akanakuimbira asanakhale n'komwe pampando. Ndiye ndinatenga thabwa la shelefu yakale. Ndinkaponda ndekha, kupanikiza thabwalo pakati pa mpando ndi chopondera, kutsika, kukwawira kunsi pakatoni, kutsegula, kutseka, kukwawanso kutuluka, kukwera, kuyambiranso. Zinkatheka pang'onopang'ono. Ulendo uliwonse kudzuka kunkavuta kuposa woyamba, ndipo malaya anali atamatirira kumsana.

Ulendo wina ndangotsegula kabawuti, ndinamva kuti gwa m'galimoto. Thabwa lagwa. M'kapaipi ndinaona mafuta akubwerera m'mwamba, thovu likulowa pamene ndakhala ndikulitulutsa m'mawa wonse.

Mwanawe, ndinakuwa. Ndinati iwe, gwira! Gwira, ndati! Ndinakuwa ndi ukali weniweni, ngati munthu amene mnzake wamutayira ntchito dala. Usaope, mutu wanga uli bwino. Sindinaiwale kuti amayi ako kulibe. Pakamwa ndi pamene panaiwala.

Ndisanapume n'komwe ndinamva geti likutseguka mwamphamvu, ndi mapazi akuthamanga. Anali mayi telala a kuseri kwa mpanda, aja anasoka zovala za paukwati wako. Anabwera ndi simbi yamoto m'manja, tepi yoyezera ili m'khosi, akufuula kuti ali kuti, walowera kuti wakubayo, wadumpha mpanda kapena wabisala m'bafa. Ataona mapazi anga okha atatulukira kunsi kwa galimoto, anakuwa kuti mayo, wawapha aneba.

Ndinalankhula ndili kunsi komweko kuti sindinafe ndipo kulibe wakuba. Anawerama, anandisuzumira, n'kufunsa kuti nanga amene mukuti agwidweyo ndani, pakuti iwo asiya diresi la eni ake pathebulo asanamalize kulisita. Ndinafuna kunama kuti ndimakalipira galu, koma galu tilibe. Ndinawauza kuti ndi mawu a pantchitoyi, ndinkauza wapampando. Anayang'ana pampando, anaona thabwa. Anakaika simbi ija pamwala.

Pobwera anati nanga phazi langali n'lopumira chiyani, popeza tsiku lonse limapalasa makina. Anati ntchito yoponda musaphunzitse telala. Ndinakana kawiri mwaulemu, koma anali atakwera kale, akukankha zinthu zanga pampando n'kumadandaula kuti m'galimoto mukununkha masokosi.

Ndinawafotokozera mawu aja mofulumira n'kubwerera kunsi. Ndinati ponda. Mwanawe, anapalasa buleki ija ngati akusoka chinsalu cha pawindo, galimoto yonse kugwedera pazitsa. Ndinati pang'onopang'ono, mayi. Anati iwo sadziwa kusoka mwaulesi. Kenako ndinati gwira. Anayankha kuti agwira. Ndinatsegula kabawuti, ndipo m'malo moti mafuta atuluke, ndinaona thovu likulowa.

Ndinafunsa kuti mwagwira chiyani kodi. Anati chiwongolero, ndi manja onse awiri, mwamphamvu, sichingapite kulikonse. Nanga phazi? Anati phazi alichotsa, poti ndinati ponda ndipo aponda, zatha. Nditawauza kuti kugwira kwake n'kwa phazi, anati iwo chibadwire amagwira ndi manja, zogwira ndi mapazi ndi za anyani, ndipo ngati ine ndi malemu tinali ndi chinenero chathuchathu ndikanayamba ndawalembetsa sukulu. Ndinaseka ndili chagada, fumbi n'kundilowa m'maso. Sindikukumbuka kuti ndinali nditaseka liti.

Tinayambiranso. Ndinathira mafuta ena m'kabotolo ka kutsogolo kuti kasaume, n'kukwawira kunsi. Tsopano anamva. Ponda, anaponda modekha. Gwira, anakanikiza. Siya, anasiya. Tinapita tayala ndi tayala, thovu likuchepa, mafuta akuyamba kutuluka oyera. Iwo anali akundisimbira za kasitomala wina amene amafuna diresi la saizi imene anali nayo asanabereke, ine ndikungoti eya, eya.

Pa tayala lomaliza ndinati gwira, ndipo iwo anayankha kuti ndagwira, aneba, fulumirani. Sananene china. Mawu ake sanali ofanana n'komwe ndi a amayi ako, a mayi telala ndi aakulu ngati a mwamuna. Ndinatsegula, mafuta anatuluka opanda thovu, ndinatseka, ndinalimbitsa. Chotsala chinali kunena kuti siya.

Mawuwo sanatuluke. Ndinagona pamenepo kasipanala kali m'manja, ndikuyang'ana dzimbiri la kunsi kwa galimoto. Ndinkawamva akufunsa kuti ndisiye kodi? Patapita kanthawi anafunsanso kuti aneba, ndisiye? Iwo sanasiye. Ndinkamva mpando ukulira chifukwa mwendo wawo unayamba kunjenjemera. Anasiyanso kusimba za kasitomala uja. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji.

Pomaliza analankhula motsitsa mawu. Anati achimwene, mwendo wanga watha, ine ndikusiya, mukakwiya mukwiye. Ndinamva chopondera chikubwerera m'mwamba. Palibe chinalowa, kabawuti kanali kotseka kale.

Pofuna kutuluka ndinapeza kuti msana wakana. Ndinayesa kutembenuka, ndinayesa kudzikankha ndi zigongono, osatheka. Mayi telala anagwira katoni imene ndinagonapo n'kuikoka ngati akukoka thumba la makala, ine ndili pomwepo. Anandikhazika motsamira tayala, ndipo osapempha analowa m'nyumba kukanditungira madzi. Anachedwako.

Potuluka nkhope yawo inali ina. Anandipatsa kapu, anaima manja ali m'chiuno, n'kuyamba. Anati khitchini yanu ikununkha kusaphika. Anati m'poto wamkulu kangaude wamangamo nyumba ndipo ali ndi ana. Anati buledi amene ali pathebulo angathe kukhomera msomali. Ndinati ndimadya. Anati musanamize telala, ine ndimayeza anthu ndi maso, chiuno chimene ndinakuyezani pa suti ya ukwati wa mwana wanu si chimenechi, ndipo lamba wanuyo mabowo ake omalizawo mwabowola nokha ndi msomali, ndi okhota.

Ananena zoona. Kuphika ndimadziwa. Chimene chimandikanika ndi kukhala pathebulo. Ndimaika mbale, ndimakhala, ndimayang'ana khoma, njala n'kuchoka. Ndiye ndimamwa tiyi n'kudzuka.

Anatinso iwo salowerera za eni, koma mpanda wathu ndi wopyapyala, ndipo amandimva ndikamalankhula nawe pafoni. Anandiyerekeza mawu, kuti ndili bwino mwanawe, ndili bwino, zonse zili bwino. Anati mwana ameneyo mukumuchitira nkhanza, chifukwa tsiku lina adzaimbiridwa ndi ine, ndipo adzafunsa kuti bwanji simunanene. Anatola simbi yawo, imene inali itazizira kale, n'kumapita akung'ung'udza za diresi. Madzulo anatumiza mbale yovundikira kudzera pampanda. Ndinadya theka.

Kutacha, msana utamasuka, ndinabwezera matayala, ndinatsitsa galimoto, ndinalimbitsa manati. Ndinaponda buleki ili chiimire, ndipo inali yolimba ngati mwala, phazi kuima pamwamba. Ndinayesa pabwalo, kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako ndinatuluka pageti, ndinakwera mpaka pamwamba pa chitunda chija, ndinatembenuka, n'kutsika. Pamalo omwe aja ndinaponda. Galimoto inaima bwinobwino, osakokera kumbali, osalira. Maluwa a eni ake aja anadzukanso, ndinawaona.

Ndinaima pamphambanopo phazi lili pabuleki. Ndinayembekezera kuti ndimva kukoma, kuti ndilakalaka kupita molunjika kwa amalume ako kukawaimbira hutala pageti. Sindinamve kanthu. Ndinangomva kutopa, kwa m'mafupa, ngati munthu amene wasenza katundu ulendo wautali n'kupeza kuti kumene amapita naye anthu anasamuka. Wa minibasi kumbuyo kwanga analiza hutala n'kutulutsa mutu, anati madala, ngati mwagona kagoneni kunyumba. Ndinabwerera kunyumba.

Ndinkayesa kuti ndikakonza mabuleki ndiye kuti ndaonetsa kuti ndingathe kukhala ndekha. Koma mabulekiwo ndakonza ndi phazi lobwereka, ndipo kunsi kwa galimoto ndinachita kukokedwa. Tsiku limenelo mayi telala akanakhala kuti apita kumsika, sindikudziwa kuti ndikanagona pakatoni paja mpaka liti. Izi ndikanatha kukubisira. Mwezi sunathe, galimoto ikuima, amalume ako angabwere kudzaponda okha. Malinga ndi pangano lathu ndapambana, ndipo uyenera kundisiya pakhomo panga.

Ndikukupempha kuti usandisiye. Ndatopa, mwanawe. Bwera udzanditenge.

Ndili ndi zopempha zochepa, undimvere. Galimotoyi isagulitsidwe. Ubwere pabasi, tidzabwerere limodzi pa imeneyi, katundu wanga ndi wochepa, adzakwana kumbuyo. Uwafunse bambo a ana mwaulemu ngati pabwalo panu pangapezeke pongoimika, ngakhale kuseri kumene alendo saona. Sindidzawavutitsa nayo. Nyumbayi amalume ako angaiyang'anire mpaka tidzaone chochita, ndipo mbande zimene zikadali zamoyo ndidzapatsa mayi telala, ngati angavomere kuthirira.

Chachikulu ndi ichi. Tisananyamuke tidzakwere kwa amayi ako, iwe ndi ine. Ndakhala ndikupitako sabata ndi sabata, ndipo sindikudziwa kuti munthu amanena bwanji kuti sabata yamawa sindibwera. Ndayesa kukonza mawu ake pano pathebulo, akukana. Udzanene ndiwe. Ine ndidzaima pambali.

Amalume ako ndisanawauze kanthu. Ukamawauza, uyambe ndi kunena kuti mabuleki akugwira, ndipo anakonzedwa pakhomo pano. Zinazo uwauze pambuyo pake.

Undiperekere moni kwa bambo a ana, uwathokoze chifukwa cha kachipinda kaja, ndinamva kuti anapaka okha penti. Moni kwa apongozi ako onse, ndi kwa azakhali ako ukawaona. Adzukulu anga uwauze kuti agogo akubwera, koma asayembekezere munthu wothamanga nawo. Mulungu akusunge iwe ndi nyumba yako, akupatse mphamvu pantchito, ndipo akuyendetse bwino panjira.

Ukawerenga usaimbe kundifunsa ngati ndatsimikiza, ndingadzasinthe mawu chifukwa cha manyazi. Ungonena tsiku.

Ndine bambo ako okukonda.